Mkono ukutupa chichitireni opareshoni ya bere, nditani?

MayiWaAtatu:
Moni nonse. Chaka chatha anandichotsa bere lakumanzere pamodzi ndi anabere a m'khwapa chifukwa cha khansa, kenako ndinalandira kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa aja. Adokotala akuti khansayo sakuionanso. Koma miyezi iwiri yapitayi mkono wa mbali imeneyi wayamba kulemera ndi kutupa. Ndinazindikira tsiku limene mphete inakanirira pachala, mpaka kuivula ndi sopo. Nsonga za zala nazo zimachita dzanzi, kumanga batani la bulauzi ndi nkhondo. Kunyumba ndikadandaula amangoti bola munachira. Alipo amene zinamuchitikirapo?

Ndidakalipo:
Pepani amayi, ndadutsamo. Kutupako amati lymphoedema. Anabere aja ndiwo njira ya madzi a m'thupi ochoka mumkono, ndiye akachotsedwa madziwo amangodikha. Zimatha kuyamba patapita miyezi, ngakhale zaka. Kaonetseni kaye, atsimikize kuti si magazi aundana mumtsempha, kenako mupemphe akutumizeni kwa a fizo. Ine anandiyeza mikono yonse iwiri ndi tepi n'kundipatsa chovala chothina cha pamkono, chonga sokosi. Ndimavala masana, usiku ndimavula. Musagule chongoyerekeza, chikathina polakwika dzanja limatupiratu. Anandiphunzitsanso kusisita mopepuka ngati mukusisita khanda, kuyambira kukhosi ndi paphewa. Kutheratu sikutheratu, ndisakunamizeni, koma mphete yanga inabwerera pachala.

Mlamu_wake:
Chofunika ndi kuupumitsa mkonowo, osanyamula kanthu.

Ndidakalipo:
Ayi achimwene, pamenepo ndakana. Ine ndinaunyengerera choncho mpaka phewa linauma, kupesa tsitsi kukanika. Mkono umafuna mafizo, kungoti pang'onopang'ono. Imani moyang'ana khoma, zala zizikwera ngati kangaude, lero apa, mawa kupitirirako pang'ono.

NamwinoWopuma:
Ndiwonjezere chimodzi. Mkono wotupa suchedwa kulowa tizilombo, ngakhale pa kabala ka singano yosokera. Muzidzola mafuta khungu lisang'ambike. Ukafiira, kutentha, inu n'kumamva kuzizidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuche kawiri. Za dzanzizo, mankhwala ena a kemo monga paclitaxel amavulaza minyewa ya kuzala ndi kumapazi. Kwa ena zimachepa m'kupita kwa miyezi, kwa ena zimatsalira. Madzi osamba muziyesa ndi chigongono cha mkono wabwinowo, zala zingakunamizeni n'kupsa.

MayiWaAtatu:
Zikomo kwambiri nonse. Za madzi otenthazo zandigwira, dzana ndinapsa chala ndi ketulo osamva kanthu, ndinangoona thuza. Lolemba ndikupita kukapempha kalata ya kwa a fizo.