Mapaipi athu akuphulika usiku, tigule amtundu wanji?

Wa komiti ya madzi, dera la Likhubula:
Akuluakulu a pa gulu pano, tithandizeni nzeru. Tinatenga madzi pa kasupe m'mbali mwa phiri n'kutsika nawo kumudzi, mtunda wa mamita 1,200. Mapaipi ake ndi a PVC, 50 mm, class 6. Kumtunda kulibe vuto, koma chakumunsi aphulika kanayi chaka chino, ndipo nthawi zonse timadzuka n'kupeza aphulika usiku. Pali malo a thanthwe pomwe tinalephera kukumba, paipi ili poyera, komanso tikuwoloka kamtsinje kamodzi. Foni ikuonetsa kuti kasupe ali mamita 85 pamwamba pa mipopi. Anthu asonkha kangachepe. Tigule PVC yemweyo, wakuda uja wa HDPE, kapena achitsulo?

Pulambala wa pa Chitakale:
Bambo, yankho mwalitchula nokha pomwe mwati usiku. Mamita 10 aliwonse otsika amawonjezera pulesha ya 1 bar. Mamita 85 ndiye 8.5 bar, pomwe class 6 anaipangira 6 bar basi, kutanthauza mamita 60. Masana amayi akutunga, madzi amayenda ndipo mphamvu ina imathera m'njira pokhulana ndi paipi. Usiku mipopi yonse ikatsekedwa, kulemera kwa madzi onse kuchokera ku kasupe kumatsamira paipi yakumunsiyo. N'chifukwa chake kumtunda kuli zii.

Musakhulupirire foni, imatha kuphonya ndi mamita 10 kapena kuposa. Bwerekani geji ya pulesha yofika 16 bar, muimange pa mpopi wotsikitsitsa, mutseke mipopi yonse, muwerenge. Ndiye funso langa: kamtsinje mukuwolokako kali pamwamba pa mipopi kapena pansi pake?

Wa komiti ya madzi, dera la Likhubula:
Kali pansi, bambo. Paipi imatsikira kukhwawa kenako n'kukweranso pang'ono kufika kumudzi.

Pulambala wa pa Chitakale:
Ndiye kukhwawako ndi komwe kuli pulesha yaikulu kuposa pa mipopi, mwina 9 kapena 10 bar. Posankha class muziwerengera malo otsikitsitsa a mzere wonse, osati pomwe madzi akutulukira.

Wowotcherera wa pa Limbuli:
Ikani achitsulo a GI, okutidwa ndi zinki aja, basi mupume. Saphulika amenewo.

Mayi wa zomangamanga, Mulanje boma:
Achimwene a pa Limbuli, GI mzere wonse ayi. Mamita 1,200 ndi mapaipi 200 a mamita 6, ndalama za m'mudzi sizingakwane, ndipo kuwasenza kukwera nawo phiri ndi ntchito ina. Komanso madzi a m'phiri muno alibe laimu wambiri, choncho amadya zinki ya mkati mwa paipi msanga. Zinki ikatha dzimbiri limayamba, limatupa, njira ya madzi n'kumachepa. Mu dothi lonyowa dzimbiri limayambira pa ma thread, timizere tomangira paipi kumapeto kwake, chifukwa podula thread zinki imachokapo.

Mzere wanu muugawe malinga ndi malo. Pothanthwe ndi powoloka mtsinje, apo ndiye pa GI, class B ya mzere wa buluu kapena class C ya mzere wofiira. Ya class A ndi yopyapyala, isiyeni. PVC ikakhala padzuwa imauma n'kuyamba kuthetheka ngati chikho, mwala ukangoigwera yasweka. HDPE yakuda dzuwa imapirira, koma moto wa tchire wa mu Seputembala umaisungunula, ndipo ikatentha kufika madigiri 40 mphamvu yake imatsika ndi pafupifupi kota. Chitsulo zonsezi sichiziopa.

Powoloka, mangani zipilala za konkire mbali zonse ziwiri, kutali ndi gombe, paipi idutse pamwamba pa pomwe madzi osefukira amafika. Tonse tinaona mu Malichi 2023 momwe namondwe wa Freddy anagubuduzira miyala m'makhwawa a phiri lino. Kapena kumbani pansi pa mtsinje muikwirire m'konkire. Chapakatikati, paipi yongogona pa miyala ya mumtsinje, ndi yomwe imapita ndi mvula yoyamba.

Pulambala wa pa Chitakale:
Mayi anena zoona. Koma ndalama yoyamba ipite ku thanki yodula pulesha, osati ku mapaipi. Imangeni pomwe mwatsika mamita 40 kapena 45 kuchokera pa kasupe. Madzi akalowa mu thanki yopuma mpweya, pulesha imabwerera pa ziro n'kuyambiranso. Mukatero class 6 yanu yambiri ipulumuka, mungosintha chigawo cha kukhwawa kuikapo class 10. Thankiyo isakhale yaikulu: mita imodzi mbali zonse, njerwa zootcha, pulasitala wa simenti 1 ku mchenga 3, float valve ya brass polowera (valavu yotseka yokha thanki ikadzaza), paipi yotayira madzi akasefukira, ina pansi yotsukira matope, ndi chivindikiro chokhoma ndi loko.

Mlimi wa mthirira, Thyolo:
Nanga osangoika HDPE yolimba kumunsi konse, thanki n'kuisiya?

Mayi wa zomangamanga, Mulanje boma:
Zimatheka. Pogula werengani zolembedwa pa paipi penipenipo, osati mawu a wogulitsa: yolembedwa PE100 SDR 17 ndi PN10, yopirira 10 bar, pomwe SDR 11 ndi PN16, yopirira 16 bar. Pa 9.5 bar PN10 yatsala pang'ono kwambiri, chifukwa munthu akatseka mpopi mwadzidzidzi madzi amagunda n'kukweza pulesha kwa kanthawi. Choncho PN16. Ubwino wake imabwera yokulunga mamita 50 kapena 100, molumikiza n'mochepa, ndipo dothi likasuntha imapindika m'malo mothyoka. Vuto n'lakuti mipopi izilandirabe 8.5 bar, ndiye mawashala muzisintha pafupipafupi. Ine ndikanasankha thanki.

HDPE simata ndi guluu, imafuna ma compression fitting a PN16, zolumikizira zochita kumanga mopotokola. Imatalikanso ikatentha: mamita 100 akasintha ndi madigiri 20 amasuntha pafupifupi masentimita 40. Muigoneke mokhotakhota pang'ono mu ngalande, ndipo mukwirire m'mawa kusanatenthe, apo ayi ikazizira idzafupika n'kusolola molumikiza.

Pulambala wa pa Chitakale:
Pa PVC yotsalayo, chonde lekani zowamba paipi pamoto kuti mupange soketi. Powambapo khoma limapyapyala ndipo mpomwe pamadzang'ambika. Gulani soketi. Dulani mowongoka, palani m'mphepete, pukutani pauma, pakani guluu mbali zonse ziwiri, lowetsani mpaka pamapeto, ndipo madzi musatsegule mpaka tsiku lathunthu litadutsa. Ngalande ikhale masentimita 60 kuya, pansi pa msewu mita imodzi, ndipo dothi loyamba kukwirira likhale lopanda miyala. Potsegula madzi koyamba, mipopi yakumunsi ikhale yotsegula kuti mpweya utuluke, valavu yakumtunda muziipotokola pang'onopang'ono.

Wowotcherera wa pa Limbuli:
Ndavomera, mayi. Ndingowonjezerapo za mipopi. Yonyezimira yopepuka ija yambiri ndi ya zinki, anangoipaka zonyezimira pamwamba, imathyoka pakhosi. Ya brass imalemera m'manja, ndipo mukapala mkati ndi mpeni imaoneka yachikasu. Paipi yoimirira ya mpopi ikhale GI yokutidwa ndi konkire, ma thread muzinge thread tape mokwanira, popeza brass ikakhudzana ndi GI ponyowa, chomwe chimadyeka ndi GI-yo.

Wa komiti ya madzi, dera la Likhubula:
Zikomo kwambiri nonsenu. Loweruka tiyeza ndi geji, manambala ake ndidzaika pano. A pulambala, float valve ya thankiyo tigule ya saizi yanji?

Pulambala wa pa Chitakale:
Zidalira madzi omwe kasupe akupereka. Tcherani ndowa ya malita 20 pa kasupe, muwerenge masekondi omwe ikutenga kuti idzadze, katatu, mundiuze. Muyeze panopa chilimwe chino madzi ali ochepa.