Breakdown yodalirika tingaidziwe bwanji galimoto isanafe pamsewu?

Mayi_wa_Sienta:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Sienta ya automatic ndipo ndiziyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre kawiri pamwezi, nthawi zina madzulo. Ndikufuna kusungiratu nambala za anthu okoka galimoto (a breakdown). Pa Facebook aliyense akulemba kuti amagwira usana ndi usiku. Wodalirika ndimudziwa bwanji? Nanga zoti automatic sakoka ndi chingwe n'zoona?

Makaniko_wa_ku_Biwi:
Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene likusankhireni munthu. N'zoona. Mu giyabokosi ya automatic muli pampu ya oilo imene imazungulira injini ikamalira. Injini ikazima pampuyo imaima. Mukamakoka galimoto matayala akutsogolo ali pansi, zitsulo za m'kati zimazungulirabe koma popanda oilo wozifewetsa ndi kuziziziritsa, ngakhale giya ili pa N. Sienta, Honda Fit ndi Nissan Note zambiri zimene zimachokera ku Japan zili ndi giyabokosi ya automatic ya mtundu wotchedwa CVT, ndipo imeneyi siipirira n'komwe. Kuikankha mamita ochepa kuti ichoke mumsewu palibe vuto, koma kuikoka kuchokera pa Ntcheu mpaka ku Dedza ndiye kuti vuto laling'ono ngati la fuel pump mwalisandutsa la giyabokosi yonse.

Tsono yanuyo imafuna flatbed, lole ija imene nsana wake umapendekeka n'kutsika pansi, galimoto n'kukwezedwa yonse ndi winchi. Ikasowa, yachiwiri ndi yonyamula matayala akutsogolo m'mwamba, poti Sienta zambiri zimakoka ndi kutsogolo. Koma yang'anani kaye ngati yanu si ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi. Ya 4WD ndi Subaru, flatbed basi, ndipo za hybrid monga Aqua ndi Prius zisakokedwe matayala akutsogolo ali pansi. Pa hybrid matayala akutsogolo akamazungulira mota imapanga magetsi, ndipo akhoza kuwononga inverter, chipangizo chosintha magetsi pakati pa batire ndi mota.

Kuti mudziwe wodalirika, a breakdown muwaimbire panopa galimoto ili bwinobwino, muyankhule ngati kuti yafa. Wodziwa ntchito amayamba ndi kukufunsani inuyo: galimoto yanji, automatic kapena manual, matayala akuzungulira, chiwongolero chikukhota, ili pamsewu kapena yagwera m'ngalande. Amene angoti "tibwera, tumizani ya mafuta" osafunsa chilichonse, mufufuteni.

Chinanso, tsegulani buti lero muone ngati muli kachitsulo kokokera kaja, kokhala ndi bowo ngati mphete ndi mazinga kumapeto. Kamakhala limodzi ndi jeke. Kamamangidwa pa bowo limene lili kuseri kwa kachivindikiro kakang'ono pa bampala. Galimoto zambiri zimafika m'manja mwa mwini wachiwiri kapena wachitatu katasowa kale, ndiye anyamata amakoleka ngowe pa control arm kapena pa tie rod, zitsulo zogwira ndi kukhotetsa matayala, zimene zimapindika mosavuta. Galimoto imatsika pa lole ikukokera mbali imodzi n'kumadya matayala.

Wa_Transport_Limbe:
Amakaniko anena zoona. Ine ndiwonjezere za ndalama, chifukwa mikangano yambiri imabuka pamenepo galimoto ili kale pamwamba pa lole, inu mphamvu zokambirana zitatha.

Ambiri amatchaja ndalama yoti angobwera, kenako n'kuwonjezera pa kilomita iliyonse. Funso lofunika ndi loti makilomitawo amayamba kuwerengedwa pati. Mukafera pa Ntcheu n'kuitana breakdown ya ku Lilongwe, ndi makilomita pafupifupi 160 kubwera, enanso 160 kubwerera. Ena amawerenga onse 320, ena amawerenga okhawo amene anyamula galimoto koma pamtengo wokwera. Zonsezi si kuba, bola munene poyamba. Mufunsenso ngati ndalama ya pa tollgate ya Kalinyeke kapena ya Chingeni ili m'kati, ngati usiku ndi Lamlungu mtengo umasintha, komanso ngati kutulutsa galimoto m'dzenje ndi winchi amatchaja padera. Akuuzeni chiwerengero chimodzi chomaliza, alembe pa WhatsApp.

N'chifukwa chake nambala imodzi siikwanira pamsewu umenewu. Sungani zitatu: ya ku Lilongwe, ya ku Blantyre, ndi ina ya cha pakati, ku Ntcheu kapena ku Balaka. Mukafera pa Zalewa n'kuitana wa ku Lilongwe, mudikira theka la tsiku n'kulipira katatu. Nambalazi musazitole pa intaneti pokha. Funsani ku galaja imene mumakonzetsa, kwa madalaivala a kampani, ndi ku inshuwalansi yanu, chifukwa amenewa amaona momwe galimoto zimafikira.

Za dipoziti, kupempha ya mafuta si chizindikiro cha mbava ayi, dizilo ndi wodula ndipo nawonso amanamizidwa ndi anthu oitana kenako n'kuthimitsa foni. Koma musanatumize pa Airtel Money kapena Mpamba, akutumizireni chithunzi cha loleyo nambala yake ikuoneka, dzina la dalaivala, ndi kumene kuli yadi yawo. Dzina lotuluka pafoni potumiza ndalama lifanane ndi limene akuuzani. Yotsalayo mulipire galimoto itatsitsidwa, mulandire lisiti.

Ndipo galimoto ipite kumene mwanena inu. Pali ena amathamangira kuitengera ku yadi kwawo kapena kwa makaniko mnzawo, mawa lake n'kukuuzani kuti pali ndalama yosungira ya tsiku lililonse.

Mayi_wa_Sienta:
Zikomo kwambiri abambo. Inshuwalansi yanga ndi ya comprehensive. Ndimaganiza kuti imeneyo imalipira kukoka?

Wa_Inshuwalansi:
Mayi, apa pamasokoneza anthu ambiri. Comprehensive nthawi zambiri imalipira kukoka galimoto imene yachita ngozi, kuichotsa pamalopo kupita nayo ku galaja kapena malo otetezeka apafupi, ndipo pamakhala malire a ndalama olembedwa mu polise. Galimoto ikangofa yokha, alternator yapsa kapena injini yatentha, imeneyo si ngozi, ndipo salipira pokhapokha mutakhala ndi gawo lowonjezera la thandizo la pamsewu. Third party ndiye siikhudza galimoto yanu n'komwe. Tengani polise yanu muwerenge, kapena mufunse amene anakugulitsani zinthu zitatu: kufa kwa injini kuli m'kati kapena ayi, amafika makilomita angati, ndiponso mumaimbira iwo kaye kapena mumalipira nokha n'kudzakubwezerani ndi lisiti.

Ikakhala ngozi, musalole breakdown kunyamula galimoto apolisi asanafike kudzaona, chifukwa lipoti lawo lidzafunika. Jambulani mbali zonse zinayi isanakwezedwe, bampala yapansi, magalasi, ndi makilomita a pa dashboard. Mufunsenso a breakdown ngati ali ndi inshuwalansi ya katundu amene anyamula. Galimoto ikatsetsereka pa lole potsika phiri ngati la Chikwawa kapena Chiweta, funso la wolipira limavuta kwambiri ngati alibe.

Dalaivala_wa_Canter:
Ine nditsutseko pang'ono zoti flatbed basi. Kutali ndi tauni usiku flatbed siipezeka msanga, ndipo anthu amakweza galimoto pa lole wamba poimika loleyo pa chulu kapena pamtunda wa m'mbali mwa msewu, n'kuyala matabwa. Zimatheka, koma muonetsetse izi. Sienta imalemera matani oposa pang'ono 1, ndiye lole ya matani 3 imakwana, pomwe Hilux ya double cab ili cha m'matani 2 ndipo ndi yaitali, imatha kutsala kunja. Matabwa akhale okhuthala, ndipo galimoto imangidwe ndi malamba anayi okhwimitsa, limodzi pa tayala lililonse, osati chingwe cha sisal chokulunga pa bampala. Mukayenda makilomita 10 imani mukhwimitsenso. Mudziwiretu kumene mukatsitsire, chifukwa m'tauni chulu mulibe.

Ngati batire yatheratu, giya imakana kuchoka pa P. Pafupi ndi ndodo ya giya pali kabatani kapena kabowo kolembedwa shift lock, mukakadina giya imapita pa N. Wa breakdown wosadziwa zimenezi amakoka ndi winchi matayala atagwira, n'kuthyola kachitsulo kogwira P m'kati mwa giyabokosi.

Kwa a manual amene akuwerenga, chingwe chimaloledwa pamtunda waufupi, pang'onopang'ono, kiyi atatembenuzidwa kuti chiwongolero chisatsekeke. Koma injini itazima mabuleki amalimba mukaponda kawiri kapena katatu, chiwongolero nachonso chimalemera. Pamsewu wa Khwekhwerere musayese n'komwe.

Makaniko_wa_ku_Biwi:
Achimwene a Canter, za chuluzo ndivomera pokhapokha kuli kowala ndipo pali anthu okwanira. Winchi palibe, galimoto yakufa imakwera ndi manja, ikabwerera m'mbuyo imapweteka munthu.

Ndiwonjezere kuti si kufa kulikonse kofuna kukoka, ndipo breakdown yabwino imabwera ndi zingwe zolumikizira batire, jeke ndi pampu ya mpweya. Pa batire samalani ndi thandizo la malole akuluakulu, ambiri ndi a 24V pomwe yanu ndi ya 12V, kompyuta ya galimoto imapsa. Chingwe chofiira chipite pa + ku mabatire onse awiri, chakuda pa − ya batire yamoyo, mbali inayo pa chitsulo cha injini ya yakufayo. Koma nyale yofiira ya oilo ikayaka, kapena muvi wa kutentha ukafika pofiira, zimitsani pomwepo ndipo musalole aliyense kukuuzani kuti muyende pang'onopang'ono mpaka pa trading centre. Radiator musatsegule isanazizire, dikirani mphindi 30 kapena kuposa.

Podikira, ikani ma triangle awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, patali ndithu ngati masitepe 50, osati masamba okha, chifukwa usiku masamba saoneka. Tulukani nonse muime kutali ndi phula, mutumize location ya pa WhatsApp kwa a breakdown ndi kwa wachibale mmodzi. Blue book, laputopu ndi katundu wina wofunika mutulutse galimoto isanakwere, ndipo ngati kutsogolo kwa lole kuli malo, kwerani mupite nayo limodzi.