Alamu anga amwalira ku Katete koma ine ndine wa shuga, ndipite?

(Funso ili ndi mayankho ake zinalembedwa pa gulu la pa intaneti ku Zambia mu 2021, nthawi ya mliri wa korona; malamulo ndi malangizo otchulidwa ndi a nthawi imeneyo.)

A admin, chonde mundibisire dzina, achibale ambiri ali m'gulu muno.

Ndine mayi wa zaka 52 wa ku Kapata kuno ku Chipata. Ndili ndi shuga ndi BP. Chiyambireni Juni, pamene korona yabweranso ndi ukali, sindinapondeko ku Saturday Market. Salaula akugulitsa ndi mwana wanga wamkazi, ndipo akaweruka amayamba wasamba ndi kusintha zovala asanakhale nane. Mapemphero ndikumvera pa wailesi. Katemera wa AstraZeneca ndinabayitsa mu Meyi, koma woyamba chabe.

Usiku wathawu alamu anga, akulu awo a amuna anga, atisiya kumudzi ku Katete. Anadwala masiku asanu okha, chifuwa, kutentha thupi, kenaka kubanika. Sanayezedwe. Kumudziko akuti ndi mphepo ya Juni.

Bambo amenewa sanali alamu wamba kwa ine. Ntchito ya amuna anga itatha, ndi iwo ankatitumizira chimanga ndi nsawa chaka ndi chaka, osawerengera. Ndikulemba izi misozi ikutsika.

Koma maliro akumudzi ndimawadziwa. Boma lati anthu asapitirire 50, nanga adzawerenga ndani? Amayi timagona m'siwa mothithikana pa mphasa, zitseko zotseka chifukwa cha kuzizira, kuimba ndi kulira mpaka kucha. Kapu imodzi imazungulira nyumba yonse, beseni losamba m'manja limodzi. Ine monga mtengwa malo anga ndi kumoto komanso pambali pa namfedwa. Ukakhala patali utavala masiki amati ukunyansidwa nawo.

Amuna anga akuti nditsale. Koma alongo awo andiimbira m'mawa uno amvekere: "Mulamu, korona ikudziwa inu nokha? Tsiku lanu likadzafika adzakulireni ndani?" Mawu amenewa andilasa. Ndithandizeni abale, ndingatsale bwanji osaoneka wonyoza? Nanga bambo akabwerako, poti nyumba ndi ya zipinda ziwiri, tizikhala motani?

Namwino wopuma pa ntchito: Amayi, musapite. Kwa wa shuga korona imafika msanga m'mapapo, shugayonso imakwera n'kuvuta kutsitsa. Katemera mmodzi sakwanira ku mtundu wa korona wa Delta uwu. Bambo akabwera agone kwa okha masiku 14, mazenera otsegula, mbale ndi kapu zawozawo, masiki osavula mukakhala pamodzi. Akayamba kutsokomola kapena kusamva fungo akayezetse, kapena imbani 909, nambala ya za korona. Mankhwala anu musadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Bambo wina wa ku Mchini: Maliro n'kulirana, mayi. Pitani tsiku loika, mukaime chapatali kumanda, akuoneni nkhope, mubwerere. Osagona.

Mwini funso: Ndaganizapo bambo, koma minibasi ya ku Katete mumaidziwa, ulendo woposa ola mapewa atagundana. Ndipo ndikafika, mkazi wa malemu akandikumbatira akulira, ndimukankha? Sindingathe.

Mayi wa ku Katete: Mwanawe, vuto si kutsala, vuto ndi kutsala mwakachetechete. Anthu akapanda kumva chifukwa amadzipangira chawo. Tumani ankhoswe anu akauze akuluakulu a banja, ndipo pa nthawi yowerenga zipepeso dzina lanu limveke pagulu, anene kuti ali ndi shuga, achipatala awaletsa kukhala pa anthu ambiri. Amuna anu anyamule ufa, shuga ndi mchere, ya bokosi mutumize pa foni lero lomwe. Kenaka muimbireni namfedwa mwiniwake, osati alamu anu aja, mulire naye. Matenda akadzachepa, mutabayitsa wachiwiri, mudzapite mukagone masiku awiri kapena atatu. Nthawi imeneyo onse amakhala atabalalika, wamasiye ali yekha ndi ana.

Mwini funso: Zikomo amayi, mwandimasula. Ankhoswe avomera kunyamuka ndi bambo mawa m'mamawa. Namfedwa ndawaimbira, tangolira sitinalankhule zambiri, koma ndamva akutsokomola kwambiri. A namwino, ndiwauze bwanji zokayezetsa thupi la amuna awo likadali m'nyumba?