Kaseti ya malemu bambo: Ricky Skaggs ndi munthu mmodzi kapena awiri?

Mwana wa ku Linga:
Abale ndithandizeni. Mwezi watha timakonza m'nyumba ya malemu bambo kuno ku Nkhotakota, ndiye pansi pa sutikesi, pamodzi ndi malisiti akale, ndinapeza kaseti yolembedwa ndi bolopeni kuti Ricky Skaggs. Tepi yake inali itamatana, ndinachita kuipukusa ndi pensulo. Mbali yoyamba ndi country yemwe uja bambo ankamvera Lamulungu masana akusoka ukonde pakhonde, wailesi ataitsamiritsa ku mtondo. Koma mbali inayo ayi ndithu. Liwiro ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, ng'oma mulibe, mawu otulukira m'mphuno, komanso muli kachoimbira kena kolira mosongoka. Ndi munthu yemweyo, kapena wojambula kasetiyo anangodzazitsa?

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road:
Pepani ndi zovutazo mwanawe. Ndi munthu mmodzi, ndipo mbali yakudabwitsaniyo ndiye kwawo kwenikweni. Zimenezo amati bluegrass, dzina lochokera ku gulu la Bill Monroe, Blue Grass Boys. Skaggs anabadwa mu 1954 ku Cordell, m'mapiri a Kentucky. Bambo ake anamupatsa mandolin ali ndi zaka 5, ndiko kachoimbira mukunenako: kali ndi nsambo 8, zokhala ziwiriziwiri. Ali ndi zaka 6, Monroe anabwera kudzaimba kudera kwawo, anthu n'kuyamba kukuwa kuti kamwanako kakwere kutsogolo. Mkuluyo anavula mandolin yake n'kukapachika pakhosi. Taganizani, kamwana ka Sitandade 1!

Country uja anadzamulowa atakula, atadutsa m'gulu la mayi wina woimba country, Emmylou Harris. Zinamuyanja kwabasi: 1982 analandiridwa ku Grand Ole Opry, bwalo lotchuka la nyimbo za country ku Nashville, 1985 bungwe la Country Music Association linamusankha kukhala woimba wopambana onse chaka chimenecho. Koma Monroe atamwalira mu 1996, iye anabwerera ku nyimbo za makolo ndi gulu lake la Kentucky Thunder, n'kutulutsa chimbale cha Bluegrass Rules! mu 1997. Ine apa m'pamene ndimamupatsira ulemu. Ambiri akalawa za m'tauni, kumudzi amangopitako pamaliro.

Nachisale wa ku Chipoka:
Aphunzitsi mwatha zonse, koma banjo mwaisiya bwanji? Ine nditamva bluegrass koyamba ndinati uyu si Alan Namoko uyu? Banjo anapita nayo ku America ndi akapolo ochokera ku Africa kuno. Alongo anga ankapanga yawo ndi chigubu cha mafuta, nsambo za waya wa mabuleki a njinga, mpaka amayi anaisonkhezera pamoto chifukwa chosokosa.

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road:
Zoona mayi, ukalamba. Ndaiwalanso mnzake wa Skaggs, Keith Whitley. Awiriwa ali anyamata anapita kukaonera Ralph Stanley, katswiri wina wa bluegrass, koma iye anachedwa, tayala litaphulika panjira. Eni malo anapempha anyamatawo kuti ayambe aimba anthu asabalalike. Stanley polowa anayesa akumva mbale ya nyimbo zake zomwe, osadziwa kuti ndi ana. Anawalemba ntchito onse awiri m'gulu lake la Clinch Mountain Boys. Whitley anadzatchukanso payekha, koma mowa unamutenga mu 1989. Skaggs analowetsedwa mu Country Music Hall of Fame, kaundula wolemekeza akatswiri a country, mu 2018.

Mwana wa ku Linga:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, nanunso mayi. Ndiye kuti bambo ankadziwa chimene ankachita. Ndaona tsopano kuti mbali yachiwiriyo ndi imene yatha kwambiri, pena mawu akumira, chonsecho ife sitinawamvepo akuiika tili pakhomo. Amayi akuti ankaimvera mbandakucha akabwera kunyanja, ife tili mtulo. Dzulo wailesi ya aneba yatafuna tepiyo pang'ono, ndalumikiza ndi selotepi, ndipo sindiikanso. Alipo ku Salima amene angandisamutsire nyimbozi pa memory card? Ndibwera Loweruka pa minibasi yam'mawa.