Kodi opera ya oimba ochepa ingathe kufotokoza za chilala?

Wofunsa:
Ndamva za opera (sewero limene anthu amaimba m'malo molankhula) yotchedwa Proving Up, imene Missy Mazzoli anapeka nyimbo zake ndipo Royce Vavrek analemba mawu ake. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti, kodi sewero la oimba owerengeka, lokhala ndi gulu laling'ono la zoimbira, lingasonyeze bwanji mavuto a anthu okhala m'zigwa zazikulu za ku Nebraska, m'dziko la America?

Yankho loyamba:
Bambo, kuchepako ndiye mphamvu yake. Opera imeneyi inaonetsedwa koyamba ku Washington mu 2018, ndipo inachokera pa nkhani imene Karen Russell analemba. Lamulo la Homestead Act la mu 1862 linkapatsa munthu maekala 160 ngati wakhala pamalopo n'kumalima kwa zaka zisanu. M'nkhaniyi, banja la a Zegner likulimbana ndi chilala, koma kuti malowo akhale awo, nyumba yawo iyenera kukhala ndi zenera lagalasi, ndipo mabanja oyandikana amabwerekana zenera limodzi lokha woyendera nyumba wa boma akamabwera. Kungoona mnyamata atanyamula galasilo mosamala, kuopa kuti lingasweke, munthu umamva njala yonse ya m'dera limenelo.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana nanu, koma ndiwonjezere kuti malo amene ankagawidwawo anali atalandidwa kwa eni nthaka a ku America. Komanso kulima udzu wachilengedwe umene unkagwira dothi kunathandiza kubweretsa mphepo zafumbi zoopsa za m'ma 1930, ndipo ine ndikamaonera seweroli ndimaganizira zimenezo.