Magetsi oyaka okha mu kabini ya sitima usiku, anzanga mumagona bwanji?

Mayi_a_Mapasa

Abale ndigawireni nzeru, makamaka inu amene munakwerapo sitima zikuluzikulu zokasangalala panyanja zija. Ife timakhala ku Joni, ndiye chaka chatha tinakwera ndi bambo a mapasa yonyamukira pa Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique uko. Ulendo unali bho, zakudya ndiye osakamba, koma tulo ine sindinatione. Tinatenga kabini ya mkati yopanda windo poti ndi yotchipirako, ukazimitsa magetsi kumangoti bii, ine nkumati apa ndiye tigona. Ayi ndithu. Pansi cha pafupi ndi bedi pali kagetsi koyaka kokha ukangotsitsa phazi, kena kali pa kanjira kopita kubafa pafupi ndi wodilopu. Bambo akwathu ali ndi shuga ndiye usiku amadzukadzuka kukataya madzi, akangoponda pansi chipinda chonse ngwee, ine maso gwa mpaka kucha pomwe eni ake abwerera kale akuliza nkonono. Nthawi zina kamayaka ngakhale munthu wangotembenuka kapena bulangete latsetserekera pansi. Swichi yake ndinaisaka khoma lonse osaipeza.

Tsopano December akubwerayu tabukanso ndipo tikutenga amayi anga, akubwera kuchokera ku Ntcheu, tidzagona atatu kabini imodzi. Inu mumatani? Kamazimitsika kameneka? Nditakamata ndi tepi sangandilipiritse? Komanso pa siling'i pali kena kamaphethira kofiira usiku wonse, nakonso ndikufuna ndidzakamate.

Wa_pa_Ilala

Kkkkk koma anthu muli ndi mavuto abwino. Ife kuno tikulira magetsi kuthima inu mukulira magetsi kuyaka okha. Ine sitima yomwe ndimaidziwa ndi Ilala basi, kuchoka pa Monkey Bay kudzera Likoma mpaka Nkhata Bay, pa deki pamwamba paja ungoyala kamatiresi, chitenje kumutu, tulo. Gogo ameneuja wayenda panyanja yathu kuyambira 1951 ndipo sanadzutsepo munthu ndi getsi chifukwa cha phazi. Tengani chitenje achemwali mufunde kumaso nkhani ithe.

Steward_wakale

Achemwali ndiyambe ndi kofiira ka pa siling'iko chifukwa ndi komwe kandidzidzimutsa. Chonde musadzakakhudze, musadzakamate, musadzakavale sokosi. Kameneko ndi kozindikira utsi, ndipo kuphethirako ndi kusonyeza kuti kali moyo. Kamalumikizana ndi alamu ya sitima yonse mpaka ku bridge komwe kumakhala akaputeni. Ine ndagwirapo ntchito yokonza m'makabini pa sitima zoterezi, tikapeza munthu wakaphimba sitinkangochotsa nkukhala chete, timayenera kukanena kwa akuluakulu ndipo a sekyulite amabwera, nkhani yake siikhala yoseketsa. Kenanso kachitsulo kali ndi kagalasi kakang'ono pakati ndi sprinkler ya madzi ozimitsira moto, anthu amakonda kukolekapo hang'ala ya diresi, kagalasiko kakasweka madzi amakhuthuka chipinda chonse ndi katundu wanu yemwe.

Panyanja chomwe timaopa kwambiri si mafunde ayi, ndi moto, chifukwa ukabuka mulibe kothawira. Pa maphunziro a chitetezo amakumbutsa za sitima ya Scandinavian Star yomwe inapsa mu 1990 anthu 159 nkufa, ambiri mwa iwo unawapha ndi utsi m'makabini ndi m'makolido osati malawi. Star Princess nayo mu 2006 ikupita ku Jamaica moto unayambira pa khonde la kabini, akuganiza kuti inali ndudu yotayidwa isanazime, munthu mmodzi anamwalira. Nchifukwa chake kandulo ndi ayironi amakulandani polowa pomwe. Ndiye lamulo langa ndi losavuta, chilichonse chili pa siling'i si chanu.

Tsopano za tapansi tija. Tsiku loyamba steward wanu, wokonza kabini yanu uja, amabwera kudzadzidziwitsa, muuzeni pomwepo kuti kagetsi aka kamandisowetsa tulo. Musachite naye manyazi, madandaulo amenewa timawamva kawirikawiri. Sitima zimasiyana, ngakhale za kampani imodzi. Zina zili ndi swichi yobisika cha kumutu kwa bedi kapena pambali pa katebulo, zina mulibiretu ndiye steward amangomata yekha kapena kuitana elekitilishani. Mukafuna kumata nokha tengani tepi ya pepala ija amagwiritsa ntchito openta nyumba, imachoka yosasiya zomata, kapena pulasitala wa pabala amagwiranso bwino. Tepi yakuda yolimba ija ayi, imasiya ulimbo kapena kukanganula penti, pamenepo ndi pomwe mungakangane nawo. Ine sindinaonepo munthu akulipiritsidwa chifukwa cha kapepala ka tepi komwe wachotsa yekha tsiku lotsika. Ndipo mumate kadiso ka sensa, kaja kamamva munthu akasuntha, osati kuponya thawulo kapena malaya pa babu.

Mwamagetsi_Zingwangwa

Akulu a steward anena zoona, ine ndingoonjezera za momwe kanthuka kamagwirira ntchito poti masensa amenewa ndimaika m'nyumba za anthu. Ambiri ndi a mtundu wa PIR. Si kamera ayi, sikakuonani inu, kamangomva kutentha kwa thupi kukamasuntha kudutsa kutsogolo kwake. Nchifukwa chake bulangete lomwe mwafunda likagwa kamayaka, lili ndi kutentha kwanu, ndipo mukaima chilili osagwedezeka pakapita kanthawi kamazima kokha ngakhale muli pomwepo. Kusaka kwake yang'anani kakang'ono koyera kotukuka ngati diso la chambo chophika, nthawi zambiri kamakhala pafupi ndi getsilo koma nthawi zina kali patali pang'ono, pansi pa katebulo ka pambali pa bedi kapena m'munsi mwa khoma. Mukangolowa masana zimitsani magetsi onse, khalani phee pa bedi mpaka kazime, kenako muziyendetsa dzanja pang'onopang'ono malo osiyanasiyana muone pomwe kakuyakira. Osadikira usiku anthu atagona kuti muyambe kukwawa ndi tochi ya pafoni.

Chomwe anthu ambiri sadziwa nchakuti simukuyenera kutseka diso lonse. Kapulasitiki koyerako kanagawidwa timagawo, kagawo kalikonse kamayang'ana mbali yake. Mukamata theka loyang'ana kubedi nkusiya theka loyang'ana kubafa, kutembenuka kwanu sikakumvanso koma munthu akafika pa kanjira kaja kayaka. Muyese kangapo, kusuntha tepi pang'ono, mpaka mupeze pabwino. Ngati kali pansi penipeni ngakhale nsapato kapena chikwama kutsogolo kwake zimakwana, bola chisakhale poti munthu apunthwe.

Mukamata bwinobwino koma kakuyakabe ndiye kuti mwina si PIR, ndi kamtundu kena ka microwave, kameneko kamadutsa tepi ngakhale thabwa lopyapyala, musavutike nako itanani steward. La mu wodilopu nalo kawirikawiri si sensa ya kuyenda, ndi kaswichi ka pachitseko, ndiye sitima ikamagwedezeka chitseko chimatseguka pang'ono getsi nkuyaka popanda munthu wadzuka. Mangani zogwirira ziwirizo ndi kalabala ka tsitsi basi. Koma zomasula sikuluwu kapena kuzula waya musayerekeze, si nyumba yanu.

Nesi_ku_Leeds

Pepani ine nditsutsako pang'ono, nonse mukuthandiza mayi a mapasa kugona koma palibe akuganizira agogo. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba kuno ku UK ndipo ena mwa omwe amathyoka chiuno amagwa usiku popita kuchimbudzi, m'nyumba mwawo momwe akudziwa ngodya iliyonse. Nanga amayi ochokera ku Ntcheu, chipinda chachilendo, mdima wa bii wopanda windo, pansi pakugwedezeka, komanso pakhomo la bafa la mu kabini pamakhala chopondera chokwera chomwe ngakhale achinyamata amapunthwapo? Kagetsi mukudana nakoko anakaikira anthu ngati iwowo. Bambo a shuga nawonso akadzuka mwadzidzidzi chizungulire chimatha kuwagwira. Ndipo munthu akagwa pakati pa nyanja, chipatala cha mu sitima chilipo koma ncholipira ndipo si chotchipa, muonetsetse kuti inshuwalansi ya ulendo ikuwakhudza amayiwo.

Ine ndikanati musakaphe, mungokachepetsa mphamvu. Ngati ndi ka LED kosatentha matani tepi ya pepala pa getsi lenilenilo kuti kaziwala mwa chizimezime, ikakhala yofiira kapena ya olenji ndiye bwino kwambiri chifukwa kuwala kotero sikubalalitsa tulo ngati koyera. Inuyo mugule kansalu kophimba m'maso kaja amagawa mu ndege. Chinanso, swichi ya kubafa m'sitima zambiri ili kunja kwa chitseko, ndiye munthu amayatsa kaye nkutsegula, kuwala konse nkukhuthukira kubedi. Auzeni bambo azilowa kaye, chitseko atatsala pang'ono kutseka ndi pomwe atulutse dzanja nkuyatsa. Kapena ikani kubafako kakandulo ka batire kaja kopanda moto kazingoyaka usiku wonse, swichi osaikhudza nkomwe.

Komanso mwafunsa kuti bedi lachitatu lili pati? M'makabini a mkati ambiri limatsika kuchokera m'mwamba ndipo umakwera ndi makwerero. Pamenepo agogo sangakwere, bambo odzukadzuka aja sangakwerenso, ndiye mukudziwa kale amene akagone kumwambako kkkk.

Mayi_a_Mapasa

Iii anesi mwandiopseza koma mwanena zoona, amayi maso awo ndi ovuta kale usiku. Za bedi la m'mwambazo ndiwaimbira a ejenti mawa andiuze. Kofiira kaja ndakasiya achimwene a steward, musadandaule. Kansalu ka m'maso ine kamandiotcha komanso ndikaluka tsitsi kalamba kake kamandipweteka, koma nzeru yomata theka ija yandisangalatsa, ndidzayesa imeneyo. Funso lomaliza, pakhomo paja pali poika kadi kuti magetsi ayake, nditachotsa kadiyo usiku si ndiye kuti zonse zazima?

Steward_wakale

Ayi achemwali, kadi musadalire. Mukaichotsa magetsi akuluakulu amazimadi, koma tausiku tija pa sitima zina tili pa laini yakeyake ndiye tiziyakabe, pomwe kubafa kwada ndipo pena masoketi nawo afa, mudzuke m'mawa foni isanatchaje. Ndiye mwataya zofunika nkutsala ndi chomwe mumadana nacho.

Mutenge timagineti tingapo ta ngowe, makoma a kabini ndi achitsulo ngakhale amaoneka ngati thabwa. Ndi timeneto mutha kupachika chitenje pakhoma kapena pakona kuti chitchinge kuwala kusafike kumaso kwanu, apa ndiye nzeru ya achimwene a pa Ilala yagwira ntchito, bola chitalikirane ndi babu, kozindikira utsi ndi sprinkler. Kuwala kwa mu kolido kumalowanso pansi pa chitseko poti kumeneko sazimitsa usiku wonse, pindani thawulo muike pamenepo koma mulikankhire kuchitseko kwenikweni kuti agogo asakodwe nalo. Ndipo ngati ndi inu mukagone kumwamba, kagetsi kapansi sikadzakuvutani kwambiri, chodzakudzutsani ndi toileti. Za m'sitima zimakoka ndi mpweya, phokoso lake limamveka mpaka kabini yoyandikana nayo, ndiye muwauziretu amayi asadzadzidzimuke, azitseka chivindikiro ndi chitseko asanadine batani.