Biomedical Science kapena Pharmacy: ntchito imapezeka mosavuta kuti?

Nangozo:
Akuluakulu, mwana wa mchemwali wanga wakhoza bwino MSCE, makamaka Biology ndi Chemistry, ndipo akudzaza fomu ya NCHE yofunsira malo m'mayunivesite a boma. Mtima wake uli pa Biomedical Science chifukwa amakonda za mu labotale, koma ife akubanja tikumukokera ku Pharmacy poona kuti ophunzira zamankhwala sakhalitsa pakhomo akamaliza sukulu. Inu amene muli m'ntchitozi, tiuzeni zoona zake.

Wamankhwala wa ku Limbe:
Mayi Nangozo, ubwino wa Pharmacy ndi wakuti njira yake ndi yolambulidwa kale. Munthu akamaliza digiri ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu) amachita internship, yomwe ndi nthawi yophunzira ntchito moyang'aniridwa, kenaka amalembetsa ku bungwe loyang'anira za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo akakhala ndi chiphaso chimenecho angathe kugwira ntchito m'zipatala za boma, za mishoni (CHAM), ku Central Medical Stores Trust kapena kumakampani oitanitsa mankhwala. Chachikulu n'chakuti lamulo silola pharmacy kutsegulidwa popanda katswiri wolembetsedwa woiyang'anira, choncho ngakhale boma litachedwa kulemba anthu ntchito, eni mabizinesi amamufunabe. Komabe mwanayo adziwe kuti tsiku lake lambiri lidzathera pa kauntala, kuwerenga zimene dokotala walemba, kusunga kaundula wa mankhwala ndi kufotokozera agogo kamwedwe ka mapiritsi a BP.

Mlangizi wa Labu:
Zimene anena anzangawa ndi zoona, koma ndikupempha kuti musamunyozetse mwanayu chimene akuchikonda. Dokotala sangatsimikize TB popanda wina woyeza mu labu, monga woyeza makhololo pa makina a GeneXpert, ndipo wodwala amene akumwa ma ARV sangadziwe ngati mankhwala akugwira popanda woyeza viral load, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Ntchito zilipo m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central, ku Malawi Blood Transfusion Service, komanso m'mabungwe a kafukufuku monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe, kumene achinyamata ambiri apezera mwayi wa masters ndi PhD.

Vuto lake, ndipo sindikubisirani, ndi lakuti ntchito zambiri za mu labu zimadalira ndalama za mabungwe akunja ndipo zimakhala za kontrakiti. Dziko la America litadula thandizo lake mu 2025, ena mwa anzathu amene ankalipidwa ndi mapulojekiti anabwerera kunyumba, ngakhale anali aluso pa ntchito yawo. Kutsegula labu yakoyako nakonso kumafuna mpamba waukulu, chifukwa makina ndi mankhwala oyezera (ma reagent) amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi.

Chinthu chimodzi chimene ndikuumirira ndi ichi: asanasankhe, afunse ngati digiriyo imamulola kulembetsa ku Medical Council of Malawi ngati wogwira ntchito mu labotale ya chipatala. Maphunziro ena a dzina lofanana amakonzera munthu za kafukufuku ndi uphunzitsi basi, ndipo popanda chiphaso cha khonsolo sangaloledwe kuyeza magazi a odwala.

Nangozo:
Zikomo kwambiri nonse. Nkhani ya kulembetsayi sitinaiganizirepo n'komwe. Tifunsa ku KUHeS ndi ku Mzuni tisanapereke fomuyo, ndipo tikhala naye pansi mwanayo kuti atiuze ngati ali wokonzeka kupitiriza maphunziro akamaliza digiri yoyamba.